KUTHAMANGA SIKUFIKA: CHIFUKWA CHAKE GALIMOTO SIIMA POMWE MWAPONDA MABULEKI

Tsiku lina la msika, m'nyengo ya chilimwe, ndinali pa ntchito yanga yoyendera zitsime, zimbudzi ndi malo ogulitsira nsomba m'dera la Mfumu Yaikulu Kuntumanji, kumadzulo kwa nyanja ya Chilwa m'boma la Zomba. Dzuwa lili paliwombo tinamva matayala akukwekwereza pa msewu, kenaka mfuu wa amayi. Galimoto ya matola yopanda denga kumbuyo, yodzaza ndi madengu a matemba ndiponso anthu okhala pamwamba pa katunduyo, inali itagunda mtsikana wa zaka ngati 9 amene ankachokera ku mjigo atasenza ndowa ya madzi. Mwamwayi mwanayo sanafe, koma anathyoka mwendo.

Atamtengera mwanayo ku chipatala, anthu anatsala pa malopo akukangana. Dalaivala, thupi lonse likunjenjemera, anabwereza mau amodzimodzi: "Bwana, mwanayo ndinamuona, mabuleki ndinaponda mpaka pansi, koma galimoto inakana kuima." Ena ankati mabulekiwo anali akutha. Agogo ena anapukusa mutu nati, "Ana inu, apa pali munthu. Galimoto ingakane bwanji mwini wake?"

M'chikwama changa mumakhala tepi yoyezera, imene ndimaonera ngati chimbudzi chatalikirana ndi chitsime mamita osachepera 30 monga mwa malangizo a zaumoyo. Ndinayeza mkwekwe umene matayala anasiya pa fumbi ndipo ndinapeza mamita 28. Ndowa ya mtsikanayo inagwa patatsala mamita 4 okha kuti mkwekwewo uthe. Izi zinasonyeza kuti mabuleki anagwira bwino lomwe, pakuti matayala osagwidwa sakwekwereza. Panalibe ufiti uliwonse. Galimotoyo inamvera lamulo la chilengedwe limene ana athu amaphunzira ku sekondale m'phunziro la sayansi, ndipo lamulo limeneli ndi limene ndifuna kuti tikambirane mwezi uno, chifukwa wolidziwa angathe kupulumutsa moyo wake ndi wa mnzake.

NGOZI ZA PA MSEWU NDI NKHANI YA ZAUMOYO

Mwina wowerenga wina angafunse kuti nkhani ya magalimoto ikufunanji m'magazini ya zaumoyo. Yankho lake lili m'zipatala zathu, m'mene mabedi ambiri agonapo anthu othyoka miyendo ndi ovulala m'mutu. Lipoti limene Bungwe Loona za Umoyo pa Dziko Lonse, la WHO, linatulutsa mu December 2023 linanena kuti anthu pafupifupi 1,190,000 amafa chaka chilichonse pa ngozi za pa msewu. Kwa ana ndi achinyamata a zaka 5 mpaka 29, ngozizi zimapha anthu ambiri kuposa nthenda ina iliyonse. Oposa theka la anthu akufawo ndi oyenda pansi, okwera njinga zakapalasa ndi okwera njinga zamoto. Poyerekeza ndi chiwerengero cha anthu, chigawo cha Africa ndicho chimataya anthu ambiri kuposa zigawo zonse, ngakhale kuti magalimoto ake ndi ochepa.

Kuno kwathu ku Chilwa msewu ndiwo moyo wathu. Matemba, makumba ndi milamba ziyenera kufika ku misika ya ku Zomba ndi Blantyre zisanaonongeke. Mpunga wa m'madambo uyenera kupita ku chigayo. Mayi woyembekezera ndi mwana wodwala malungo amafika ku chipatala pa kabaza. Pa msewu umodzi womwewo pamayenda lole, minibasi, njinga, ngolo, ng'ombe ndi ana a sukulu. Monga timaphunzira za udzudzu kuti tipewe malungo, tiyeneranso kuphunzira za liwiro kuti tipewe ngozi.

LAMULO LA NTCHITO NDI MPHAMVU

Tiyambe ndi chinthu chimene mayi aliyense akuchidziwa. Musi ukangokhala pa chimanga mu mtondo, palibe chimene chimachitika. Koma mayi akaukweza ndi kuutsitsa mwaliwiro, chimanga chimakonoka. Musi ndi womwewo, kulemera kwake sikunasinthe. Chimene chaonjezeka ndi liwiro. Chinthu chilichonse choyenda chimakhala chitasenza mphamvu imene tidzaitcha mphamvu ya liwiro. Mphamvu imeneyi siioneka ndi maso, koma imaonekera pamene chinthucho chaimitsidwa.

Akatswiri a sayansi ali ndi tanthauzo laolao la mau akuti ntchito. Kwa iwo, ntchito imachitika pamene mwakankha kapena kukoka chinthu pa mtunda wakutiwakuti, ndipo kukula kwa ntchitoyo kumapezeka pochulukitsa kukankhako ndi mtundawo. Munthu wokankha wilibala mamita 20 wagwira ntchito yowirikiza kawiri ya amene wakankha wilibala yomweyo mamita 10. Tanthauzo limeneli analilongosola bwino ndi katswiri wa ku France, Gaspard-Gustave de Coriolis, m'buku limene anasindikiza mu 1829.

Tsono lamulo lenilenilo likuti: ntchito yonse yochitidwa pa chinthu imafanana ndendende ndi kusintha kwa mphamvu yake ya liwiro. Injini ikakoka galimoto pa mtunda, ntchito imeneyo imasanduka mphamvu ya liwiro. Kuti galimotoyo iime, mphamvu yonseyo iyenera kuchotsedwa, ndipo njira yake ndi imodzi yokha: china chake chigwire ntchito yofanana nayo molimbana ndi ulendowo. Matayala ogwidwa ndi mabuleki amagwira msewu, ndipo kugwira kumeneko, kuchulukitsa ndi mtunda woimira, kuyenera kukwana mphamvu yonse imene galimoto inasenza.

Tingayerekeze mphamvu ya liwiro ndi ngongole. Dalaivala akaponda mafuta, ndiye kuti akukongola. Ngongoleyi siikhululukidwa, ndipo iyenera kubwezedwa yonse galimoto isanaime. Kugwira kwa matayala kuli ndi malire, monga munthu amene angathe kubweza ndalama zochepa zokha pa mwezi. Ngongole ikakula, miyezi yobwezera imachuluka; mphamvu ya liwiro ikakula, mamita oimira amachuluka. Ngati mamitawo palibe, chotsalacho chimalipidwa ndi mtengo wa m'mbali mwa msewu, chitsulo cha galimoto, kapena thupi la munthu.

LIWIRO LIKAWIRIKIZA KAWIRI, MPHAMVU IMAWIRIKIZA KANAYI

Apa ndi pamene ambiri amanyengeka. Munthu amaganiza kuti akathamanga kawiri kuposa poyamba, mtunda woimira udzawirikizanso kawiri. Si choncho ayi. Kuti tipeze mphamvu ya liwiro timatenga theka la kulemera kwa chinthu, n'kuchulukitsa ndi liwiro, kenaka n'kuchulukitsanso ndi liwiro lomwelo kachiwiri. Kulemera kumalowa m'masamuwa kamodzi, koma liwiro limalowamo kawiri. Chotero liwiro likawirikiza kawiri, mphamvu imawirikiza kanayi. Likawirikiza katatu, mphamvu imawirikiza ka 9.

Zimenezi zinatsimikizidwa kale magalimoto asanapangidwe. Mu 1722, mphunzitsi wa pa yunivesite ya Leiden ku Holland, Willem 's Gravesande, anafalitsa zimene anapeza pogwetsa mipira ya mkuwa pa dongo lofewa. Anaona kuti mpira wogwa ndi liwiro lowirikiza kawiri unkasiya dzenje lalikulu kanayi, ndipo wa liwiro lowirikiza katatu unkasiya dzenje lalikulu ka 9. Mayi wina wophunzira kwambiri wa ku France, Émilie du Châtelet, anagwiritsa ntchito umboni umenewu m'buku lake la mu 1740 posonyeza kuti liwiro liyenera kuwerengedwa kawiri. Dongo la m'dambo lathu likhoza kupereka umboni womwewo kwa mphunzitsi aliyense wofuna kuonetsa ana.

Tiyeni tione zimenezi pa msewu. Tiyerekeze msewu wa phula wouma ndi wosatsetsereka, monga mbali zina za msewu wa M3 wodutsa mu Zomba, galimoto ya matayala abwino ndi mabuleki abwino, ndiponso dalaivala watcheru amene amatenga sekondi imodzi kuchokera pamene waona choopsa kufikira pamene waponda mabuleki. M'sekondi imeneyo galimoto imayendabe ndi liwiro lake lonse. Masamu ake amatuluka motere:

Pa liwiro la makilomita 30 pa ola: mamita 8 asanaponde, mamita 5 ataponda, onse pamodzi mamita 13.

Pa liwiro la makilomita 60 pa ola: mamita 17 asanaponde, mamita 20 ataponda, onse pamodzi mamita 37.

Pa liwiro la makilomita 90 pa ola: mamita 25 asanaponde, mamita 45 ataponda, onse pamodzi mamita 70.

Taonani mtunda wa mabuleki: 5, 20, 45. Mamita 70 ndi oposa theka la kutalika kwa bwalo la mpira. Dalaivala wa liwiro limeneli akaona mwana ali pa mtunda wa theka la bwalo, wachedwa kale, ngakhale akhale katswiri wotani.

Nachi chitsanzo china choyenera kuchisunga. Magalimoto awiri akuyenda moyandikana, ina makilomita 50 pa ola, inzake 60. Madalaivala onse aona ngolo itatseka msewu nthawi imodzi ndipo aponda mabuleki mofanana. Yoyamba yaima itangotsala pang'ono kukhudza ngoloyo. Kodi yachiwiri idzagunda ndi liwiro lanji? Ambiri amayankha kuti makilomita 10 pa ola. Yankho loona ndi makilomita 40 pa ola. Kusiyana kooneka kochepa pa chiyambi kumakhala kwakukulu pa mapeto.

MSEWU WA DOTHI, MATOPE NDI KATUNDU

Misewu yambiri ya kunyanja ndi ya dothi. Pa fumbi ndi miyala ing'onoing'ono matayala sagwira monga pa phula, chifukwa dothi lenilenilo limasuntha pansi pa tayala. Tikayerekeza kuti kugwirako ndi theka la kulemera kwa galimoto, pa makilomita 30 pa ola mabuleki amafuna mamita 7, pa 50 amafuna mamita 20, ndipo pa 60 amafuna mamita 28.

Mamita 28 amenewa ndiwo ndinayeza tsiku lija. Mkwekwe unatiuza chimene dalaivala sananene: anali kuyenda pafupifupi makilomita 60 pa ola pakati pa msika. Mtsikanayo anali pa mamita 24 kuchokera pamene matayala anayamba kukwekwereza. Akanakhala kuti ankayenda makilomita 50 pa ola, galimoto ikanaima mwanayo asanakhudzidwe. Kodi liwiro loonjezeralo likanampindulira chiyani? Pa ulendo wa makilomita 30, woyenda 60 amatenga mphindi 30 ndipo woyenda 50 amatenga mphindi 36. Mwendo wa mwana unathyoka chifukwa cha mphindi 6.

M'dzinja zinthu zimaipirapo. Dothi la makande la m'chigwa cha Chilwa likanyowa limaterera ngati sopo. Lamulo lija likutiuza kuti kugwira kwa matayala kukatsika ndi theka, mtunda woimira umawirikiza: mamita 28 amasanduka 56. Matayala akutha, opanda mizere, amachitanso chimodzimodzi pa phula lonyowa, chifukwa mizere ija ndiyo ngalande zotulutsira madzi pansi pa tayala.

Nanga katundu? Kulemera kukawirikiza kawiri, mphamvu ya liwiro imawirikizanso kawiri, ndipo mabuleki amene anapangidwira katundu wochepa amalephera kuichotsa msanga. Titenge munthu wa makilogalamu 60 pa njinga ya makilogalamu 20. Akamangirira matumba awiri a mpunga a makilogalamu 50 lililonse, kulemera konse kumachoka pa 80 kufika pa 180. Timphira ta mabuleki ndi tomwe tija, zala zofinya ndi zomwe zija. Ngati wopanda katundu amaima pa mamita 5, wa matumba awiriyo adzaima pa mamita 11. Mvula ikanyowetsa limu ya njinga, timphirato timayamba taterera tisanagwire. Ndipo tonse taonapo anyamata amene njinga zao zilibe mabuleki konse, oimitsa popondetsa patapata pa tayala. Ameneyo akuyenda ndi ngongole yopanda poibwezera. Chimodzimodzi njinga yamoto yonyamula anthu atatu kapena anayi: inapangidwira awiri.

MPHAMVUYO IMAPITA KUTI?

Mphamvu siitha, imangosintha maonekedwe. Katswiri wa ku England, James Prescott Joule, anasonyeza m'zaka za m'ma 1840 kuti ntchito imasanduka kutentha pa muyeso wosasintha. Pikitsani manja anu mwamphamvu ndipo mudzamva kufunda. Gwirani limu ya njinga mutatsika chitunda chachitali ndipo mudzapeza kuti yatentha. Mabuleki ndi chipangizo chosandutsa liwiro kukhala kutentha.

Zimenezi ndi zofunika kwa oyendetsa malole ndi minibasi m'dera la mapiri ngati la Zomba, kumene msewu wochoka m'tauni kupita kunyanja umanka nutsika, ndipo wochokera pamwamba pa phiri ku Ku Chawe ndi wotsetsereka kwambiri. Galimoto yotsika imalandira mphamvu yatsopano pa mita iliyonse. Lole ya matani 10 ikatsika kuchokera pa malo okwera mamita 100, mphamvu yoyenera kuchotsedwa ndi yokwanira kuwiritsa madzi ozizira okwana malita 30, ndiye kuti ndowa imodzi ndi theka. Kutentha konseku kukapita ku mabuleki okha, amapsa ndi kuleka kugwira. N'chifukwa chake dalaivala wanzeru amatsika ndi giya yaing'ono, kuti injini ithandize kugwira galimoto. Chizolowezi chozimitsa injini kapena kuchotsa giya pa mtsetse pofuna kupulumutsa mafuta chapha anthu ambiri. Wokwera akaona zimenezi ali ndi ufulu wodzudzula.

PAMENE THUPI LILIPIRA NGONGOLE

Kuti timvetse zimene zimachitikira thupi, tiyerekeze kugundidwa ndi kugwa kuchokera pamwamba, pakuti lamulo lake ndi limodzi. Kugunda chinthu cholimba pa makilomita 30 pa ola kuli ngati kugwa kuchokera pa mamita atatu ndi theka, monga pa denga la nyumba. Pa makilomita 50 kuli ngati kugwa mamita 10, pamwamba pa mtengo waukulu wa mango. Pa makilomita 80 kuli ngati kugwa mamita 25. Palibe munthu wanzeru zake amene angalumphe kuchokera pa nsonga ya mtengo wa mango, komabe ambiri timakwera njinga yamoto yothamanga chotero mutu uli pamtunda.

Bungwe la WHO likunena kuti munthu woyenda pansi akagundidwa pa makilomita 65 pa ola, kuopsa kwakuti afe kumakula kanayi ndi theka kuyerekeza ndi wogundidwa pa makilomita 50. Pa chifukwa chimenechi, msonkhano wa nduna za maiko umene unachitika ku Stockholm, m'dziko la Sweden, mu February 2020 unapempha kuti pa malo pamene magalimoto amasakanikirana ndi anthu oyenda pansi ndi a njinga, liwiro lisapitirire makilomita 30 pa ola. Misika yathu, masukulu ndi zipata za zipatala ndi malo oterowo.

Koma lamulo lomweli lili ndi uthenga wabwino. Popeza ntchito ndi kukankha kuchulukitsa ndi mtunda, tikatalikitsa mtunda umene thupi liimirapo, kukankhako kumachepa. Dzira likagwa pa simenti limasweka, koma likagwa kuchokera pa malo omwewo n'kutera pa mulu wa gaga silisweka. Mphamvu yake ndi yofanana. Kusiyana kwake n'kwakuti gaga amaliimitsa pang'onopang'ono.

Chipewa cha njinga yamoto, chimene ambiri amati helemeti, chimagwira ntchito ya gaga ameneyu. Mkati mwake muli chinthu chokhuthala chimene chimafinyika pa ngozi, kotero kuti mutu umaima pa mtunda wa masentimita angapo m'malo mwa mamilimita ochepa. Mtunda ukatalika ka 10, kukankha kofika pa chigaza ndi ubongo kumachepa ka 10. Dokotala wa opaleshoni ya ubongo, Hugh Cairns, ndiye analimbikitsa zipewa zimenezi ataona asilikali ambiri a njinga zamoto akufa ndi mabala a m'mutu, ndipo mu 1941 gulu la nkhondo la Britain linalamula kuti azivala. Chipewa chiyenera kumangidwa pa chibwano, apo ayi chimauluka mutu usanafike pansi. Chimene chinagundidwapo kwambiri chatha ntchito ngakhale chioneke chabwino kunja. Chipewa cha amisiri omanga nyumba sichinapangidwire ntchito imeneyi.

Lamba wa m'galimoto, amene Nils Bohlin wa kampani ya Volvo anakonza mu 1959 m'maonekedwe amene tikuwadziwa lero, amachititsa kuti munthu aime pamodzi ndi galimoto pamene chitsulo cha kutsogolo chikupindika, m'malo moti apitirire yekha kukagunda galasi. Okhala kumbuyo kwa galimoto yopanda denga alibe chowagwira: galimoto ikaima mwadzidzidzi, iwo amapitiriza ulendo. Amayi adziwenso ichi: mwana wa makilogalamu 10 wokhala pa miyendo, galimoto ikagunda chinthu pa makilomita 50 pa ola n'kuima pa theka la mita, amakoka manja a mayi wake ngati matumba anayi a chimanga. Palibe mayi angathe kumgwira. Malo abwino a mwana ndi mpando wa kumbuyo, atamangidwa.

NGOZI IKACHITIKA

Mphamvu imene yalowa m'thupi siionekera kunja nthawi zonse. Munthu angathe kudzuka, kusasa fumbi ndi kunena kuti ali bwino, koma magazi akutayikira m'kati. Kuno kunyanja, kumene malungo ndi likodzo n'zofala, anthu ena ali ndi kapamba wotupa, ndipo kapamba wotere amang'ambika msanga akagundidwa kumanzere kwa mimba. Chotero kumbukirani izi:

1. Yambani mwachenjeza magalimoto ena akali patali, mbali zonse ziwiri, kuti ngozi isabale inzake.

2. Musamkoke kapena kumkhazika tsonga munthu wodandaula khosi kapena msana. Ngati n'kofunika kumsuntha, anthu angapo amnyamule pamodzi, mutu, khosi ndi msana zili mowongoka, ndi kumgoneka pa chitseko kapena thabwa.

3. Pa bala lotuluka magazi kanikizani ndi nsalu yoyera osaleka. Musathirepo dothi, mafuta a galimoto kapena mankhwala a zitsamba.

4. Mwendo kapena mkono wothyoka umangidwe ku ndodo kapena bango lolimba monga uliri, osayesa kuuwongola.

5. Musampatse madzi, chakudya kapena mowa, chifukwa mwina adzafunika opaleshoni.

6. Thamangirani naye ku chipatala ngakhale aoneke bwino. Kusanza, kusinza kosadzutsika, kubwebweta, mutu wonka nukula, magazi kapena madzi otuluka m'khutu kapena m'mphuno, mimba yopweteka ndi youma, ndiponso thukuta lozizira ndi zizindikiro zoopsa, ngakhale zitayamba tsiku lotsatira.

7. Funsani a zaumoyo za katemera wa kafumbata ngati pali bala lolowa dothi.

ZIMENE ALIYENSE ANGACHITE

Kwa madalaivala ndi a kabaza: chepetsani liwiro pa msika, pa sukulu, pa mjigo ndi pa chipatala, ndiponso mvula ikagwa. Usiku yendani pa liwiro loti mungathe kuima m'kati mwa mtunda umene nyali zanu zikuunika. Kumbukirani sekondi ija yoyamba: mowa, tulo ndi foni zimaitalikitsa. Woyang'ana foni masekondi awiri pa makilomita 60 pa ola wayenda mamita 33 ali ngati wakhungu. Onani mabuleki ndi matayala m'mawa uliwonse musananyamuke.

Kwa okwera: ndalama yanu ikupatsani mau. Uzani woyendetsa mwaulemu kuti, "Achimwene, tayendani pang'ono, tikufuna tikafike." Akakana, tsikani. Pemphani chipewa musanakwere njinga yamoto, ndipo kanani kukwera atatu.

Kwa makolo ndi aphunzitsi: ana aang'ono satha kuyeza bwino liwiro la galimoto imene ikubwera. Aphunzitseni kuti galimoto siima ngati munthu. Pa bwalo la sukulu yezani nawo mamita 37 ndi kuwauza kuti umenewu ndi mtunda umene galimoto ya makilomita 60 pa ola imafuna pa msewu wabwino. Popeza m'Malawi magalimoto amayenda kumanzere, woyenda pansi aziyenda kumanja kwa msewu kuti aziona galimoto imene ikubwera kutsogolo kwake. Usiku avale zowala.

Kwa mafumu ndi makomiti a zaumoyo a m'midzi: onetsetsani kuti malonda sakuyalidwa m'mphepete mwenimweni mwa msewu, tchire la pa makona likudulidwa, ndipo pemphani ku khonsolo zikwangwani ndi zitunda zochepetsa liwiro pa malo odzaza anthu. Maiko a m'bungwe la United Nations anagwirizana kuchepetsa ndi theka imfa ndi kuvulala kwa pa msewu pakati pa 2021 ndi 2030. Ntchito imeneyi siidzatheka ku malikulu okha. Iyamba pa msika wa kwathu.

Mtsikana uja anachira, koma anakhala masabata ambiri mwendo uli m'chikhakha, ndipo teremu ya sukulu inamdutsa. Mayi ake anasiya ntchito za pakhomo ndi za kumunda kukamdikirira ku chipatala. Dalaivala naye anataya masiku ambiri a ntchito, ndipo matemba amene ankathamangira aja sanafike pa msika tsiku limenelo. Onsewa analipira ngongole ya makilomita 10 pa ola oonjezera. Akuluakulu anati kuthamanga sikufika, ndipo ife a zaumoyo timati kupewa kumaposa kuchiza. Ulendo wotsatira mukadzaona liwiro likukwera, mudzadzifunse kuti: mwana atatulukira apa, kodi mamita oimira alipo?